Dzina Limene Armel Anasungira Buku Lachitatu

Ndagwira ntchito ndi Armel Cadiou zaka makumi awiri ndi zisanu, iye akulemba nthano, ine ndikujambula zithunzi zake, koma sindikhulupirira kuti masiku amene takhala pamodzi angakwane zana. Ntchito yathu ndi yotero. Iye amakhala ku Quimper m'kachipinda kodzaza mapepala, ine kuno ku Angoulême, ndipo chimene chimayenda pakati pathu ndi masamba. Tsamba 12, kabokosi ka chithunzi kachitatu: msilikali waima pamlatho, kukugwa mvula, chipewa chake ndi cha 1943 osati cha 1940, usalakwitsenso, Régis. Mawu otere ndawawerenga mpaka maso kufooka. Ogula buku sawaona. Amangoona mlatho wanga ndi mvula yanga, n'kumati Régis ndi katswiri.

Januwale aliyense timakumana pa chionetsero cha mabuku a nthano za zithunzi, m'matenti ozizira onunkha majasi onyowa. Mwambo wake susintha. Munthu amagula buku, n'kuima pamzere, wojambula n'kumujambulira kachithunzi patsamba loyamba. Mlembi amangosaina dzina basi. Ndiye patsogolo panga mzere umakafika pakhomo, patsogolo pa Armel pamangodutsa mphepo. Amakhala phee ndi khofi wake wozizira, ndipo ena amamufunsa kumene kuli chimbudzi. Amawalozera bwinobwino.

Walemba mabuku oposa makumi atatu, onse a nkhondo zakale, akazitape ndi makalata obisidwa m'denga. Sanatchuke, koma njala sinamuphe. Malamulo ake ndi awiri okha. Loyamba, buku lili ndi masamba 46, ndipo kabokosi komaliza ka tsamba kayenera kumukoka munthu pamphuno kuti atembenuze. Lachiwiri, chinsinsi cha nthano sachiulula nthawi yake isanakwane. Mkazi wake Maryvonne ankadziwa wakupha pa tsiku limene buku latuluka, mofanana ndi wina aliyense. Inenso nthanoyo ankandipatsa pang'onopang'ono ngati mankhwala, ati ndikadziwa msanga mthirakuwiri ndidzamujambula ndi maso oipa.

Nkhani ya mayi wina dzina lake Léontine anaipeza m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja kwawoko. Pa nthawi ya nkhondo anyamata asanu ndi mmodzi anabisala m'khola, munthu wina wa m'mudzimo n'kulembera asilikali a Ajeremani kalata yowaulula, ndipo onse anaphedwa. Mudzi unaloza chala Léontine chifukwa ankachapa ndi kusita zovala za asilikaliwo. Nkhondo itatha anamumeta mpala pabwalo, ana ake awiri akuona. Anakhala m'mudzi momwemo mpaka imfa yake, anthu akumupatsa moni wa m'mphuno.

Armel anatha miyezi isanu ndi itatu akufufuza m'nyumba yosungira zikalata zakale, ndipo kalatayo anaipeza. Kalembedwe kake sikanali ka Léontine. Anapita kwa mwana wake wamkazi, mayi Solange, amene ankakhala ndi mlongo wawo Corentin, n'kuwauza kuti mayi awo analibe mlandu ndipo umboni ulipo. Anati nkhaniyo ailemba m'mabuku atatu otsatizana. Atamufunsa dzina la amene analemba kalatayo, anangomwetulira n'kunena kuti adzaliona m'buku lachitatu, dziko lonse likuona. Anthu aja anamukhulupirira. Anamupatsa ngakhale chithunzi chokhacho cha mayi awo chimene anali nacho.

Apa ndi pamene ine ndikulowapo, ndipo sindidzitchinjiriza. Dzina la mayiyo Armel analisintha, koma nkhope ndinaijambula momwe inalili, chifukwa inali nkhope yabwino ndipo dzanja langa linaikonda. Buku lachiwiri linathera pa iye. Tsamba 46, kabokosi komaliza, Léontine waima pakhomo pa Ajeremani, envulopu ili m'manja. Wowerenga aliyense anayenera kutseka buku akutukwana mayiyo, kuti chaka chotsatira adzachite manyazi. Pa luso lokha, ndi tsamba labwino kuposa onse amene tinapangapo.

Buku lachitatu silinatuluke. Awiri oyambawo sanayende malonda, ndipo a kampani yosindikiza anatilembera kalata yaulemu kwambiri yoti tidikire kaye. Kenako mkonzi wathu anachoka, wobwerayo sanali kutidziwa n'komwe. Kumudzi kuja buku lachiwiri linalowa m'laibulale, ndipo nkhalamba zinaizindikira nkhope ija. Zimene kale zinali zonong'onezana tsopano zinali m'buku, za mitundumitundu, ndi mayina athu pachikuto.

Ndinamuuza Armel kuti angolembera mayi Solange kalata, kapena apite kwa atolankhani a kwawoko. Anakana. Anati dzinalo likangotuluka, buku lachitatu lafa, palibe angasindikize nthano imene mapeto ake aliyense akuwadziwa. Anatinso kankhani ka m'nyuzipepala anthu amakulungira nsomba, koma buku limakhala. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero. Chaka chilichonse ankabwera ku chionetsero ndi chikwama chakuda muli masamba 46 a buku lachitatu, n'kumazungulira kwa akonzi. Chaka chilichonse ankabwerera nacho, chitangonyowa. Mayi Solange ankamulembera khadi la Chaka Chatsopano, iye n'kuyankha kuti zinthu zikuyenda. Panadutsa zaka khumi ndi chimodzi zinthu zikuyenda. Ine ndinajambula mabuku a anthu ena, ndipo kunena zoona ndinatopa naye, ndinatopa ndi chikwama chija, ndinatopanso ndi ine mwini.

Chaka chatha pa chionetsero, Loweruka masana, ndinaona mayi wachikulire pamzere wanga atatsamira ndodo. Anaima pafupifupi maola awiri. Wina anawapatsa mpando, anakana. Atafika patebulo sanandiyang'ane n'komwe. Anatulutsa buku m'thumba la nsalu n'kuliika patsogolo pa Armel. Linali lachiwiri lija, lothaitha, lomatidwa ndi selotepi, chidindo cha laibulale chili pachikuto.

Armel anaimirira mpaka kugwetsa khofi. Anawafunsa chifukwa chake anaima pamzere wonsewo, pamene kwa iye kunalibe munthu. Mayi Solange anati sanadziwe, ankayesa mzerewo ndi wa aliyense. Ananena kuti anakwera sitima zitatu kuchokera m'mawa, ndipo yobwerera inali ya folo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Armel anayamba nyimbo yake yachizolowezi. Anati pali mkonzi wina watsopano amene waonetsa chidwi, mwina chaka chamawa. Anafika potsegula chikwama chija. Mayiwo anamusiya mpaka anamaliza.

"Corentin tinamuika mu Novembala, bambo Cadiou," anatero. "Anafunsa za buku lanu kuchipatala. Ndinamuuza kuti zinthu zikuyenda."

Anatsegula tsamba lomaliza. Pansi pa nkhope imene ndinajambula ine, wina anali atalemba mawu ndi bolopeni, wina n'kuyesa kufufuta, koma ankawerengekabe. Sindiwabwereza pano.

"Ndili ndi zaka 82. Bukuli ndabwereka, ndikabweza Lachiwiri. Anzanu amajambula, inu mumalemba. Lembani apa."

Ndamuona Armel akulemba m'sitima, m'chipatala, ngakhale pamaliro a bambo ake, koma tsiku limenelo cholembera chinamulemera. Anandiyang'ana ngati ndingamupulumutse.

"Lemba, aise," ndinatero. "Tatopa tonse."

Analemba pang'onopang'ono, ndi zilembo zazikulu, kuti nkhalamba za kumudzi zisavutike kuwerenga. Analemba kuti kalata sanalembe ndi mayi uyu, n'kutchula dzina la amene analemba, ndi nambala ya bokosi limene kalatayo ikusungidwamo. Pansi pake anasaina, n'kundikankhira bukulo kuti nanenso ndisaine. Aka kanali koyamba pa zaka zonsezi kuti ine ndingosaina dzina basi.

Mayi Solange anavala magalasi n'kuwerenga. Dzinalo linali la bambo wina amene mpaka imfa yake ankaika nkhata ya maluwa pa chipilala chokumbukira anyamata aja chaka chilichonse. Mayi Solange sanadzidzimuke, sanalire. Anangoti bamboyo ankagula mazira kwa mayi awo, ndipo nthawi zonse ankanenerera mtengo. Anawerenganso kachiwiri, akulondola ndi chala.

"Ndi zokhazi?"

"Inde, mayi."

"Mizere iwiri." Anatseka buku. "Ine ndinkayesa ndi zambiri, poona mmene mwachedwera."

Analibweza m'thumba, n'kutithokoza mwaulemu, n'kufunsa njira yachidule yopita kusiteshoni. Armel anawalozera bwinobwino. Ndinawaona akukankhana ndi anthu mpaka pakhomo pa tenti, thumba lili pachifuwa kuti lisanyowe.

Wotsatira pamzere anali bambo wina wa ndevu zaimvi, wa gulu lija losunga mabuku m'mapepala apulasitiki. Pamene ndinkamujambulira msilikali wake, anatembenukira kwa Armel n'kumufunsa funso limene amafunsidwa chaka chilichonse, loti nanga lachitatu lija lituluka liti.

Armel anali akupukuta khofi patebulo ndi tsamba loyamba la m'chikwama chija.

"Latuluka kale, bambo," anatero. "Ndi lija lapita ndi mayi aja. Tinasindikiza limodzi lokha."