Zipolopolo Zopanda Onga

Ndine munthu wa mtima wapachala, sindibisa. Kunyumba yosamalira okalamba kumene ndinkagwira ntchito ku Bolton, kudziko la azungu, ndinakanganapo ndi aliyense, kuyambira manijala mpaka ophika. Amene sindinkawakwezera mawu anali munthu mmodzi yekha, madala ena achizungu omwe ankabwera tsiku ndi tsiku kudzaona akazi awo. Akaziwo atamwalira, madalawo ananditengera ku kalabu yawo yowombera chandamale, akuti mwina ndingaphunzireko kudekha.

Zaka zimenezo volovolo wamba inali italetsedwa kale m'dzikomo. Yawo inali ya mpope wautali, yomwe apolisi amalola ukakhala ndi chiphaso. Ine ndinkabwereka mfuti ya kalabu. Zipolopolo ankapanga okha m'kashedi kuseri kwa nyumba yawo, ndipo Loweruka m'mawa ndinkapita kukawathandiza. Makoko amkuwa omwe tinkatola tikatha kuwombera tinkawatsuka n'kuwandandalika pathabwa. Iwo ankayeza onga pakasikelo n'kuthira m'khoko lililonse, ine n'kumatsekera mutu wamtovu ndi chopanira chamanja. Lamulo lawo linali lakuti usanatseke, suzumira m'khoko lililonse pansi pa nyale.

Nyengo ina yozizira ndinasuzumira n'kupeza makoko atatu opanda kanthu pamzere umene anati atha. Sabata yotsatira khoko lina linali ndi onga wowirikiza. Sikelo yomwe anaigwiritsa ntchito zaka zambirimbiri ankaiyang'ana ngati yachilendo.

Ine ndinakula ndikudziwa kuti munthu wa msinkhu wa bambo ako sumuuza kuti wasokonekera. Ndiye ndinkadikira apite kukawiritsa tiyi, n'kukhuthula mzere wonse, n'kuyambiranso mwakabisira. Ndinachita zimenezi miyezi inayi.

Nditawauza akazi anga, omwe ndi namwino, sanazungulire.

"Anthu otere mumawasambitsa tsiku ndi tsiku, ndiye mukufuna dzina la matendawo ndikuuzeni ine? Kauzeni a kalabu."

Ndinawakalipira kuti aone za odwala awo. Ndinkadziwa kuti ndikangonena, apolisi adzalanda chiphaso ndi mfutiyo. Madalawo analibe china. Mkazi anali kumanda, mwana wawo mmodzi yekhayo anali kutsidya kwa nyanja. Anatsala ndi kashedi kaja basi.

Loweruka lina kuntchito anandiika pa shifiti ya m'mawa, madalawo n'kupanga zipolopolo okha. Ndinawapeza ku kalabu masana atayamba kale. Ndinaima kumbuyo kwawo. Ziwiri zinalira bwinobwino. Chachitatu chinangoti phu, ngati munthu watsegula botolo. Munalibe onga, ndipo mutu wamtovu unakakamira mumpope. Ukawomba china pamwamba pa chimenecho, mfuti imatha kukuphulikira m'manja. Iwo sanamve kusiyana kwake. Ndinaona chala chikubwerera pachowombera.

Ndinawagwira dzanja mwamphamvu mpaka khungu lawo lopyapyala linasupuka. Ndipo pakamwa panga panatseguka. Ndinawatcha chitsiru, nkhalamba yofuna kutipha tonse, anthu onse akumva. Iwo anangondifunsa mwaulemu chifukwa chimene ndawasokonezera.

Woyang'anira malo owomberawo anatenga mfutiyo, n'kugogoda mtovuwo ndi kandodo kachitsulo mpaka unatuluka. Anaseka pang'ono, akuti zimachitikira aliyense kamodzi pa moyo, ndipo anali pafupi kuwabwezera. Ndikanatha kukhala chete. M'malo mwake ndinamukokera pambali n'kumuuza zonse, za makoko opanda kanthu, za tiyi, za miyezi inayi ija. Anasiya kuseka. Anandifunsa kuti ndinkadikira chiyani nthawi yonseyi, anthu akuima phewa ndi phewa ndi madalawo.

Pasanathe sabata apolisi anapita kukatenga mfuti, onga ndi zipolopolo zonse. Loweruka lotsatira ndinakwera basi kupita kwawo monga mwa masiku onse. Madalawo anatsegula chitseko atavala jekete lawo la ku kalabu, bandeji ili padzanja. Zambiri anali ataiwala, koma za mfuti ankakumbukira. Anandifunsa ngati ndikudziwa amene anakawanenera.

"Ndine, bambo," ndinatero.

Iwo anati kunja kukuzizira, ndizipita. Anatseka chitseko pang'onopang'ono. Ndinapitakonso maulendo ena awiri, koma sananditsegulirenso.