Nkhadze za a Sefu

A Sefu akumba manda pamudzi pathu pa Chindumba, kufupi ndi Nkope, kwa zaka makumi anayi. Sukulu sanaiponde, koma mbiri yonse ya mudzi uno anaisunga ndi iwo. Ife Asilamu akuno sitimanga ziliza. Tikaika munthu, a Sefu ankabzala nkhadze kumutu kwake, basi. Ukawafunsa ankaloza: uyu ndi uja anabweretsa boti loyamba la injini, asanu awa anapita ndi kolera sabata imodzi, mzere uwo ndi anzathu othawa nkhondo ku Mozambiki amene tinkagawana nawo chinangwa. Ankawerenga kuyambira pamtengo wa bwemba. Nkhadze ya khumi ndi chiwiri inali ya akazi awo, a Asiatu.

Chaka chatha bwana wina wa mumzinda anagula malo a m'mbali mwa nyanja kuti amange loji. Woyeza malo anazungulira ndi tepi yake, n'kulemba kuti ndi tchire. Tchire! Makolo athu onse ali pamenepo, iye akuti tchire.

A Sefu anakwera minibasi mpaka ku boma. Kalaliki sanawapatse ndi mpando womwe.

"Madala, manda opanda chiliza n'chimodzi chomwe? Pepala muli nalo?"

"Pepala langa ndi nkhadze, bwana. Tiyeni mukaone."

"Mubwere Lolemba."

Anapita katatu, yankho lomwelo. Ulendo wachinayi, iwo ali pamzere ku ofesi, kuno katapila, chigalimoto chosalaza malo, inalowa kumanda. Tinathamangirako tikukuwa, mnzathu Farida mpaka anagona pansi kutsogolo kwake, koma bwemba anali atagwa kale, nkhadze zili mulu. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti woyendetsayo ndi wa pamudzi pompano. Agogo ake anawaika ndi a Sefu omwewa.

Phokoso litakula, bwana wa loji uja anabwera ndi nkhope ya chifundo.

"Pepani, sitinadziwe. Tilozereni pamene pali anthu anu, tipasiya."

Sanadziwe? Anafunsa ndani?

A Sefu analowa pamchenga wosalazidwawo. Anayenda kupita uku, kubwerera, kuima. Munthu amene sanasokonezepo manda a khanda ndi limodzi lomwe, anatembenukira kwa ine.

"Mwanamvua, mwanangu, bwemba uja anali pati? Asiatu ali pa khumi ndi chiwiri. Ndiyambire pati kuwerenga?"