Tsamba la Nsomba Zamtanda

Dzulo mdzukulu wanga anandionetsa buku lake la masamu, momwe chule akudumpha pamzere kubwerera m'mbuyo mpaka kupitirira ziro. Ndinalitseka msanga.

Pasukulu yathu ya mishoni kwa Ndamera, buku la masamu linali limodzi lokha, la aphunzitsi, lonunkha utsi. Patsamba lophunzitsira kuchotsera panali nsomba zisanu ndi ziwiri, zitatu atazilemba mtanda. Ine ndinkayesa kuti zamtandazo n'zodalitsika, ngati zija Ambuye anadyetsa nazo khamu. Popeza bambo anga ankangobwera kudambo chimanjamanja, ndinang'amba tsambalo n'kulibisa m'mono mwawo kuti liitane nsomba. Madzi analisungunula.

M'mawa mwake aphunzitsi anagwira mnzanga Zuze, amene ankawanyamulira bukulo.

"Iwe Zuze, nsomba zanga wakazinga?"

"Nkhabe, iyayi aphunzitsi, sindinakhudze ine!"

Anamukwapula tonse tikuona, ine osaulula. Bambo ake atapsa mtima anamuletsa sukulu tsiku lomwelo.

Zuze anakalamba osadziwa kuwerenga. Lamulungu lililonse ndinkamuwerengera Mawu a Mulungu pakhonde pake, iye n'kumandithokoza m'chiyankhulo chathu kuti, "Takhuta, m'bale wanga, pakanapanda iwe ndikanamva kwa yani?" Tinamuika m'manda ndisanamuuze.