Kaudzu m'kabyuleta ya achimwene

Tchuthi cha Fomu 2 chinali chouma. Anzanga amene tinkaba nawo nzimbe m'mbali mwa mtsinje wa Domasi anali atapita ku Joni, otsalawo ankati ndayamba kununkha buku. Ndinayesa kumangirira mbuzi kumpando wa amalume iwo ali mtulo, koma chipongwe chopanda woseka naye sichikoma.

Ndiye kunabwera achimwene ndi lole ya bwana wawo wa ku Limbe, kudzagona kamodzi kokha. Dzuwa lisanalowe anatsegula boneti nkundionetsa kabyuleta. Anati petulo akachoka m'thanki amafikira m'kachikho momwe muli kachitini koyandama. Kachikho kakadzaza, kachitiniko kamakwera nkukankha kasingano kotseka polowera. Mpweya wothamangira mu injini ndiwo umayamwa petuloyo pang'onopang'ono, koma kasingano kakapanda kutseka injini imamwa mopyola nkutsamwa. Zonsezi ankauza ine, munthu wodziwika ndi chipongwe mudzi wonse. Mlandu ndi wawo.

Mmawa, iwo atapita kukasamba, ndinamasula chivindikiro cha kabyuleta nkulowetsa kaudzu pansi pa kasingano. Ndinkangofuna tsiku limodzi lokhala ndi wocheza naye.

Anapukusa handulo yolizira injini mpaka malaya kunyowa, lole ikungotsokomola, bwalo lonse fungo la petulo. Ine ndinkaluma mlomo kuti ndisaseke. Kenaka anasolola kawaya koyezera oyilo, kutikita pa zala, kununkhiza. Nkhope inagwa. Anati petulo watsikira pansi nkusungunula oyilo, ndipo oyilo wamadzimadzi sagwira pa zitsulo. Akati ayende choncho, zitsulo zidyana zokhazokha asanafike pa Namadzi. Oyilo wina anali ku Zomba.

Apa mpamene nzeru zanga zinandiluma. Anatenga chigubu, ulendo wa pansi kukadikira basi pa Songani, ine nkundisiya ndilondere lole. Ndinafuna achimwene, ndinapata lole. Tsiku lonse ndinakhala pa chiwongolero ndekha, kuyankhula ndi nkhuku zobisala dzuwa kunsi kwa matayala. Ana odutsa ndinkawaopseza kuti akakhudza tayala liphulika, koma nawonso anatopa nane.

Anabwera dzuwa litapendeka. Tinakhetsa oyilo wakuda uja m'beseni, ine nditagwira sipanala, iwo chagada pansi pa injini akundisimbira za mapiri a njira ya ku Mwanza ndi za mtsikana wina wogulitsa zitumbuwa ku Limbe, amene amayi anali asanamve za iye. Atafika pa kabyuleta anatulutsa kaudzu kaja, kukayang'ana, kundiyang'ana.

"Udzu wa kuno umadziwa kumasula masikuluwu?"

Ndinati mwina, mvula inagwa bwino chaka chino.

Khofi ndinalidikira koma silinabwere. Anapukuta manja nati, "Iwe mphwanga, ukanangonena kuti ndigonenso."

Ndikananena, akanakana, ndimawadziwa. Ndipo sanagonenso, poti bwana anali atadikira kale tsiku lathunthu. Lole inalira pa kupukusa koyamba, anandikweza mpaka pa Songani, nkunditsitsa pomwepo atandikoka khutu.

Ndinabwerera wapansi, manja akununkha oyilo, ndikuseka ndekha m'njira. Za mtsikana wa zitumbuwa ndinkazidziwa ine ndekha mudzi wonse, kungoti panalibe womuuza. Kaudzu kaja ndinali nditakatola. Nditafika ndinapeza banga lakuda pamene panaima lole, ndinakhala pambali pake mpaka amayi anandiitana.