Nkhata ya Ana a Mneneri

Ndinadzuka kusanache, amayi a mpingo akuimbabe m'nyumba ya siwa. Bambo anga, amene anthu a ku Kapelula ankawatchula kuti a Mneneri, anali gone m'bokosi pabalaza. Kunja azibambo ankawotha moto pafupi ndi chigafa cha fodya.

Kutacha, anthu anayamba kufika, ena pa njinga, ena pa lole ya ku esiteti, ambiri atavala mikanjo yoyera. Mayi wina ankafotokoza mmene bambo anapempherera mwana wake atakomoka. Tenanti wina anati bambo anamusunga pakhomo pathu chaka cha njala. Zonsezo n'zoona. N'zoonanso kuti bambo anabereka mwana kunja, kwa mayi wina wolima fodya pa esiteti. Mwanayo ndi Tadala, wa sitandade 3. Bambo sanamubise. Anavomera pamaso pa mpingo, anasiya kulalikira dzinja lonse, ndipo ankamukweza pa njinga kupita naye kusukulu.

Ndikudutsa kuseri kwa chigafa ndi ndowa ya madzi, ndinamva akulu a mpingo akukonza mbiri ya malemu.

"Ana tinene kuti ndi anayi. Munthu wa Mulungu asapite ndi banga."

Tadala ndi amayi ake anali atakhala patali, m'mphepete mwa munda. Kunkawomba mphepo yozizira, yafumbi, ndipo mwanayo analibe juzi.

Masana tinanyamuka ulendo wa kumanda. Ine, monga woyamba kubadwa, ndinapatsidwa nkhata ya ana. Adzukulu atamaliza kukwirira, woyendetsa mwambo anaitana amayi, kenaka anati, "Ana a malemu."

Ine m'kalasi sindikweza mkono ngakhale yankho ndikulidziwa. Komabe sindinalunjike pamtumbira. Ndinadutsa pakati pa anthu mpaka kumbuyo, n'kumugwira Tadala dzanja.

"Tiye, aitana ana."

Mmodzi wa akulu aja ananditchingira njira. "Iwe Chisomo, ukufuna kuwachititsa manyazi bambo ako?"

"Pepani abambo, aitana ana a malemu. Tilipo asanu. Bambo eni ake ankatero."

Nyimbo inaduka. Ndinayang'ana amayi, koma sanadzutse mutu. Mkulu uja anapatuka. Tinagwada tonse asanu, ndipo Tadala anagwira nawo nkhata ndi manja ake ozizira.

Madzulo pakhomo panali zii. Alendo ambiri anali atapita, patatsala phulusa ndi mafuwa. Amayi sanandilankhule chichokereni kumanda, ndipo ndinkaopa kuti ndawatonosola bala. Ndikusesa pabalaza pamene panali bokosi, anandiitana kuchipinda. Anali atakhala pamphasa, mkanjo wa bambo uli pamiyendo.

"Bambo ako anandipweteka mtima, Chisomo. Zimenezo sindiiwala." Anapinda mkanjowo pang'onopang'ono. "Koma mwana sanamukane."

Anaika mkanjowo pambali, n'kundiyang'ana.

"Mawa ndi kumeta. Ulawire, ukamutenge mng'ono wako. Umutengerenso juzi ija inakuchepa."