Pemphero Langa la Chingerezi pa Msika wa ku Linda

Pa msika wa ku Linda panalibe wondiposa pakamwa, ndipo ndinkanena zimenezi poyera. Nthawi ya chipani chimodzi ija, malo a pageti atasowa mwini, tinkawalimbirana awiri: ine ndi mdani wanga wogulitsa kapenta, munthu wonunkha ngati katundu wake.

Tcheyamani wa msika ankakonda Chingerezi, choncho pa msonkhano wogawa malowo ndinadzipereka kutsegula ndi pemphero. Katekisiti anali atandiphunzitsa kuti "prayer" ndi kupempha Mulungu, osati kunenerera mtengo. Ndinatsinzina n'kupempha mvula, mtendere ndi shuga m'masitolo, m'Chingerezi changa chogulitsira azungu ziboliboli. Ndinatalikitsa dala.

Wa kapenta sanatsinzine. Ankanong'onezana ndi tcheyamani, ndipo pofika pa ameni malo anali ake.

"Ba m'busa, pitirizani," anatero mondiseka. "Kumwamba ni kwanu, geti ni yanga."

Koma pageti pomwepo anyamata a chipani anayamba kuimapo kufunsa makadi, ogula n'kumalowera kumbuyo, kumene kunali tebulo langa. Iye anatsala ndi geti ndi ntchentche. Ine tcheyamani anandisandutsa wopempherera msonkhano uliwonse, ogula akundidikira mpaka kutopa n'kumapita. Inuyo mukuti anapambana ndani?