Duwa la Fodya pa Khoma Lathu

Amayi, lero m'sitolo ina pa Mtunthama ndaona chithunzi cha maluwa ali m'botolo, onse ali njo ngati sadzafota. Chandinyansa, moti ndatuluka osagula sopo amene ndinapitira. Ndakumbukira khoma lathu pa esiteti ya fodya ija, m'zaka za m'ma 1950, ine ndili kamtsikana. Inali nyengo yothena fodya, pamene maluwa onse amadulidwa kuti masamba anenepe. Inu munatola limodzi pansi, n'kuliika m'botolo, n'kuyamba kulijambula pakhoma. Munasakaniza katondo ndi phulusa kuti mupeze kufiira kwake kotuwirako, makala akhale mthunzi, burashi yanu ili kamtengo kotafunidwa kunsonga. Munandiuza kuti, "Uziyamba ndi mdima, mwanawe, kuti duwa lipeze powalira."

Kenako anafika kapitawo, akuti mukubisa mbewu ya bwana. Anaswa botolo ndi chidendene, n'kukukwapulani ndi chikoti kumaso ndi kumsana mpaka bulauzi inamatirira ndi magazi. Ine ndinamuluma dzanja, iye n'kundiponyera pamwala. Chipsera ndikadali nacho pamphumi. Atachoka simunalire. Munadzuka diso litatupa, munatola kamtengo kaja, n'kujambulanso duwa lina pansi pa botolo la pachithunzi, lothyoka khosi. Nditafunsa chifukwa chake, munati, "Chithunzi chopanda duwa lakugwa n'chabodza." Munthu uja sindinamukhululukire, Amayi, ngakhale kutchalitchi andiuze kangati. Inu gonani. Fodya wawo yense anapsa kalekale, khoma lija linagwa, koma m'maso mwanga duwa lanu palibe amene analithena.